Kuzonda mdani: kuchokera pa pantoni ya Liwonde mpaka ku Sosola

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, a Henry Masauko Chipembere ndi anthu awo pafupifupi 200 adathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero timati Mangochi. Adatenga mfuti ku polisi nkuyamba ulendo wa ku Zomba, komwe kudali likulu la dziko. Msewu wake ndi womwe uja timadutsamo pa minibasi, wodzera pa Ulongwe mpaka kukafika pa mtsinje wa Shire pa Liwonde. Nthawi imeneyo galimoto zinkaoloka pa pantoni. Atafika adapeza pantoniyo ili tsidya linalo, ndipo ulendo wokagwetsa boma la a Kamuzu Banda udathera pagombe pomwepo.

Nkhaniyi ambiri tidaimva m'kalasi. Chimene aphunzitsi sachedwapo ndi chakuti munthu amene adathawira m'tchire pambuyo pa usiku umenewo ankadwala matenda a shuga. Munthu wa shuga amafunika mankhwala ndi chakudya cha pa nthawi yake, ndipo kuphiri kulibe zonsezo. Mu Epulo chaka chomwecho adatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi mothandizidwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones pamodzi ndi anthu a ku America. Sadapondenso dothi la Malawi. Matenda omwewo adawatenga ku Los Angeles mu Seputembala 1975, ali ndi zaka 45 zokha.

Ndayambira pa Liwonde chifukwa maboma awiri oyang'anizana pa mtsinjewu, Machinga ndi Balaka, aona zambiri pa funso limene limandivuta ndikamawerenga zimene timalemba pa Facebook mtsogoleri wa chipani china akagonekedwa m'chipatala. Kwathu kuno kuzonda odwala ndi mwambo wosafunsa chipani kapena chipembedzo. Ku Ntaja kapena ku Utale, munthu amene mudalimbirana naye malire a munda akadwala mumapitabe ndi kaufa m'mbale, mukhale pamphasa pang'ono, mufunse kuti wagona bwanji. Mlandu wa munda sunathe, udzakambidwa kwa amfumu akachira. Koma mwambowu ukafika pa ndale umaduka miyendo. Mbiri yathu ikuonetsa kuti maliro a adani athu timawadziwa kulira, ndi mizinga yomwe, koma pamene munthuyo akadali pabedi akupuma, chifundo chimasowa.

Ulamuliro wa chipani chimodzi sunkanamizira nkomwe. A Orton Chirwa, amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 nkudzaipereka m'manja mwa a Kamuzu, adagwidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi mu 1981. Adazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu, momwe loya sankaloledwa kulowa, ndipo mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. Maloya a ku Britain amene adaloledwa kuwaona ku ndende ya Zomba mu Seputembala 1992 adapeza nkhalamba yosamva bwino, yosaonanso bwino. Patangotha mwezi umodzi, pa 20 Okutobala, a Chirwa adamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73. Boma silikadataya kanthu likadawatulutsa kuti akafere pakhomo. Munthu wosaona ndi wosamva akadagwetsa boma liti?

Chaka chomwecho cha 1992 ndi chimene Balaka idalowa m'mbiri. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi idasindikizidwa ku makina a ansembe a Montfort ku Balaka, ndipo malo osindikizirawo adatenthedwa ndi moto pambuyo pake. Zotsatira zake mukuzidziwa: pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 alionse adavotera zipani zambiri pa riferendamu.

Kenaka, mu Okutobala 1993, Ngwazi idadwala. Adaitengera ku Garden City Clinic ku Johannesburg komwe idachitidwa opaleshoni ya mu ubongo, ndipo dziko lidasiyidwa m'manja mwa khonsolo ya anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Aka kadali koyamba kuti otsutsa aone mkango uli chigonere. Adadandaula kuti khonsoloyo idali ya MCP yokhayokha, koma palibe adayesa kulanda mpando pa nthawi ya matendayo. Ngakhale asilikali, pamene adalanda zida za a Payoniya mu Disembala pa Operation Bwezani, adabwerera ku malo awo osakhudza nyumba ya boma. A Kamuzu adachira mokwanira kuti aime pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, ndipo adagonja kwa mwana wa ku Kapoloma m'boma la Machinga, a Bakili Muluzi, amene kale adali mlembi wamkulu wa MCP yomweyo.

Apa ndi pamene nkhani ikufunika kuiyenda pang'onopang'ono, chifukwa anthu amaikamba mwa njira ziwiri ndipo zonse nzoperewera. Okonda a Kamuzu amati a Muluzi adazunza nkhalamba yodwala. Odana ndi a Kamuzu amati a Muluzi adainyengerera. Tiyeni tione zimene zidachitika.

Boma latsopano lidakhazikitsa komiti, motsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha, yofufuza imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adafera ku Mwanza mu Meyi 1983: a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Boma lakale linkati idali ngozi ya galimoto. Komitiyo idapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mu Januwale 1995 a John Tembo adatsekeredwa m'ndende, pomwe a Kamuzu adaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba ku Mudi House mu Blantyre. Mlandu utayamba, khoti lidavomereza kuti thanzi lawo silikadalola kuti azikhala m'bokosi la oimbidwa mlandu, choncho udazengedwa iwo kulibe. Adawaimirira maloya, wotsogolera wake wochokera ku London. Mu Disembala 1995 khoti lidawapeza osalakwa, ndipo boma litachita apilo lidagonjanso. Pa 4 Januwale 1996 kudatuluka uthenga wa a Kamuzu wopepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene anthu adakumana nazo mu ulamuliro wawo.

Ikani nkhani iyi pambali pa ya a Orton Chirwa. Nkhalamba ziwiri, zonse zofooka, zonse zoimbidwa milandu yaikulu. Imodzi idafera m'chitolokosi, itakanizidwa loya. Inayo idagona pabedi lake, madokotala ake ali pafupi, maloya akuiyankhulira, ndipo itawina mlandu boma lidagonjera chigamulo. Ine ndimaona kuti pamenepa dziko lathu lidachita chinthu chovuta ndipo lidachichita bwino ndithu. Mlandu sudakwiriridwe pa chifukwa choti woimbidwayo ndi wokalamba. Mabanja a anthu anayi aja adali ndi ufulu womva dzina la a Kamuzu likutchulidwa m'khoti. Koma matenda awo sadasandutsidwe chikwapu chowakwapulira. Kuzenga munthu mlandu ndi chinthu china, kumukhaulitsa ndi matenda ake ndi chinanso, ndipo mu 1995 malirewo adaoneka.

Sindikunena kuti zonse zidachokera mu mtima wofewa. Maiko opereka thandizo ankayang'anitsitsa, ndipo chigawo chapakati chidali chitavotera a Kamuzu mwaunyinji. Kuponya nkhalambayo ku Zomba kukadayatsa moto. Komanso boma lomwelo lidafufuta dzina lawo pa bwalo la ndege, pa bwalo la mpira ndi pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe iwo akadali moyo. Koma ngakhale chifundo chitabwera ndi masamu a ndale, wodwalayo amapindulabe nacho. A Kamuzu atamwalira ku Garden City Clinic pa 25 Novembala 1997, boma la a Muluzi lidawachitira maliro a boma pa 3 Disembala ku Lilongwe. Chiliza chachikulu chija chidadikira a Bingu wa Mutharika, amene adachitsegula mu 2006.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. A Muluzi adasankha okha a Bingu kuti awalowe m'malo mu 2004, ndipo mu Febuluwale 2005 a Bingu adatuluka mu UDF nkuyambitsa DPP. Kuyambira pamenepo a Tcheya adakhala mdani wamkulu wa boma. Adamangidwa mu 2006, adamangidwanso mu Meyi 2008 pa bwalo la ndege akuchokera ku Britain, ndipo mu Febuluwale 2009 adatsegulidwa mlandu wokhudza K1.7 biliyoni imene bungwe la ACB linkati idalowa mu akaunti yawo. M'zaka zomwezo msana udayamba kuwavuta kwambiri, mpaka kuchitidwa maopaleshoni kunja kwa dziko. (Ndale za kwathu nzosayamba: pa chisankho cha 2009, atakanizidwa kuima, a Muluzi adauza owatsatira kuti avotere a John Tembo, munthu yemwe boma lawo lidamutsekera mu 1995.)

Msana wa a Muluzi udasanduka nthabwala ya dziko lonse. Tsiku la mlandu likayandikira anthu ankayamba kuseka kuti tiona, msana uja udzuka. Ndipo pano ndiyenera kunena chilungamo: kukayika kwa anthu kudali ndi pogwira. Mlanduwo udaimitsidwa kambirimbiri, nthawi zina chifukwa cha matenda, nthawi zina chifukwa cha mikangano ya malamulo kapena kusintha kwa oimira boma, kufikira mu Meyi 2023 pamene boma lidausiya ndipo khoti lidawamasula. Zaka 14 zidatha popanda khoti kunena kuti ndalamazo zidabedwa kapena ayi. Mwana amene adayamba Sitandade 1 mlandu ukutsegulidwa adali atalemba kale MSCE pamene unkatsekedwa. Amene akwiya ndi zimenezi sakulakwa.

Koma mkwiyowo uli ndi mwini wake. Ngati panali kukayika kuti matendawo ndi enieni, khoti lili ndi mphamvu yotuma madokotala oima paokha kuti akamuyeze munthu. Ngati sakadatha kukhala pa benchi tsiku lonse, njira idalipo kale, yomwe idagwira ntchito pa a Kamuzu mu 1995. Maboma anayi adadutsa, la a Bingu, la mayi Joyce Banda, la a Peter Mutharika ndi la a Lazarus Chakwera, ndipo mlanduwo unkatentha kapena kuzizira malinga ndi kumene UDF yatsamira pa nthawiyo. Amene adatilanda chigamulo ndi andale ndi dongosolo la makhoti lolola mlandu kukalamba. Ife m'malo mofunsa amenewo tidasankha chosavuta, kuseka mayendedwe a munthu wodwala msana. Nthabwalazo sizidabweze ngakhale tambala imodzi. Zidangophunzitsa anthu a ku Machinga, amene ankamuona munthuyo ngati wawo, kuti mlandu wonsewo ndi chidani basi, ndipo funso lenileni la ndalama za boma lidamira m'phokosolo.

Tsiku limene chifundo chidasowa kwambiri m'dziko muno mwina ndi pa 5 Epulo 2012. A Bingu adagwa ndi matenda a mtima ku nyumba ya boma ku Lilongwe nkuthamangira nawo ku Kamuzu Central Hospital. Mbiri itayamba kumveka, anthu ena m'matauni adasangalala poyera. Anthuwo adali ndi mabala: mafuta a galimoto kudalibe, ndalama zakunja kudalibe, ndipo anthu 20 adali ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011. Koma china chimene chidaumitsa mitima ndi bodza. Thupi lidakwezedwa ndege kupita ku South Africa dziko likuuzidwa kuti mtsogoleri akukalandira chithandizo, uku nduna zina zikufunafuna njira yotsekereza wachiwiri wake. Imfayo idalengezedwa pa 7 Epulo. Boma likabisa matenda a mtsogoleri, limalanda anthu mpata womumvera chisoni. Chimatsala ndi mphekesera, ndipo mphekesera ilibe ulemu. Zomwezi zidabwerezeka mu 2016 pamene a Peter Mutharika adakhalitsa ku America popanda kufotokoza komveka, anthu mpaka kuwaika m'manda pa WhatsApp iwo ali moyo.

Mayi Joyce Banda, amene adachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010 ndipo adanyozedwa kwa chaka chathunthu ndi anthu a boma, adalumbira tsiku lomwelo la pa 7 Epulo, nalamula kuti dziko likhale pa chisoni ndi kupempha kuti pasakhale kubwezera. A Bingu adaikidwa ku Ndata ku Thyolo pa 23 Epulo ndi ulemu wonse. Apanso pa maliro tidakhoza.

Pali funso limene mnzanga aliyense wa ku koleji amafunsa tikafika apa, ndipo silopusa. Ndiwamverenji chisoni anthu amene akangomva mutu amakwera ndege ya ku Johannesburg, pomwe mayi anga amagona pansi m'chipatala cha boma kudikira mankhwala omwe kulibe? Onani mndandanda: a Kamuzu adafera ku Johannesburg, a Chakufwa Chihana adaferanso komweko mu 2006, a Muluzi maopaleshoni awo adali a kunja, a Bingu adawakweza ndege ngakhale zidali zitatha kale. Wodwala impso wa ku Balaka kapena ku Nselema kwa zaka zambiri wakhala akudalira makina otsuka magazi a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kawiri kapena katatu pa sabata, thiransipoti yodzilipirira. Mkwiyo umenewu ndi woyenera ndipo usazime. Koma ufike kwa nduna ya zaumoyo, kwa phungu wa dera lanu, pa bajeti ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo, ndi pa tsiku lovota. Kulemba kuti "afe ameneyo" pansi pa chithunzi cha munthu ali pa okosijeni sikugula makina ngakhale amodzi. Komanso amene amawerenga ndemangazo si wodwalayo, ndi ana ake ndi adzukulu ake, ena a iwo timakhala nawo m'kalasi limodzi.

Anansi athu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chimene ife tilibe. A Michael Sata adatha zaka akunyoza Pulezidenti Levy Mwanawasa, mpaka dzina loti kabichi lidamatirira, ponena za kuvulala kumene a Mwanawasa adakupeza pa ngozi ya galimoto ya mu 1991 komwe kudasokoneza kayankhulidwe kawo. Kunyoza munthu ndi chilema chake, ndiye kumeneko. Mu Epulo 2008 a Sata adagwidwa ndi matenda a mtima, ndipo boma la munthu yemwe ankamunyozayo lidawatumiza msangamsanga ku chipatala ku Johannesburg. Atabwerako adapita ku State House ku Lusaka kukathokoza ndipo awiriwo adayanjana pamaso pa atolankhani. A Sata sadasiye kutsutsa boma, chipani chawo cha PF sichidalowe mu MMD, ndipo mu 2011 adawina upulezidenti. Chifundocho sichidaphe ndale. A Mwanawasa okha sadakhalitse: adadwala sitiroko nkumwalira ku Paris pa 19 Ogasiti 2008. Ndipo mabala sapola tsiku limodzi, pakuti thupi lawo litafika ku Chipata, mayi Maureen Mwanawasa adawabweza a Sata pa maliropo anthu akuona.

Tibwerere tsidya la Balaka, boma limene lidadulidwa ku Machinga mu 1998. A Lucius Banda, Soja wa amphawi, adakulira pa Sosola, adaphunzira kuimba mu Alleluya Band pambali pa akulu awo a Paul, ndipo nyimbo zawo zidakwapula maboma motsatizana. Mu 2004 adakhala phungu wa UDF kumpoto kwa Balaka. Atatsogolera zokonza ndondomeko yochotsera pulezidenti pampando mu nthawi ya a Bingu, adapezeka ndi mlandu wa satifiketi yabodza ya sukulu ndipo mu 2006 adalowa ndende ya Zomba, yomwe ija ya a Orton Chirwa, kwa miyezi ingapo. Chimbale cha Cell 51 Maximum chidabadwira kumeneko. Pambuyo pake nyimbo zawo zina zidaletsedwa pa wailesi ya boma. Adabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, kenaka adalowa UTM, ndipo Tonse itawina mu 2020 adakhala mlangizi wa pulezidenti pa za achinyamata ndi luso. Apa ena mwa omwe ankawakonda adawatembenukira, amvekere Soja wadya nawo, watseka pakamwa. Pofika 2021 adali ndi adani ku mbali zonse: a DPP sadaiwale nyimbo zija, a UDF ena ankawaona ngati wothawa pakhomo, ndipo achinyamata okhumudwa ndi Tonse ankawawerengera kumodzi ndi boma.

Chaka chimenecho a Lucius adachita chimene andale athu sachita kawirikawiri. Adauza dziko okha kuti impso zawo zasiya kugwira bwino ntchito. Padalibe mneneri wa boma wotsutsa, padalibe nkhani yoti apita kutchuthi. Poti mwini wake adanena, mphekesera idasowa podyera, ndipo munthu amene ankadana ndi ndale zawo adatha kunena kuti pepani Soja popanda kumva ngati wagulitsa chipani chake. Kwa zaka zitatu anthu adawaona thupi likutha, akulowa ndi kutuluka m'chipatala, nthawi zina akukwerabe pa nsanja kukaimba. Amene ankafuna kuwafunsa za kukhala chete kwawo pa kukwera mitengo kwa zinthu adafunsabe, ndipo adali ndi ufulu wofunsa.

Adamwalira pa 30 Juni 2024 m'chipatala ku South Africa, patangotha masiku 20 chimwalirireni mtsogoleri wa chipani chawo, a Saulos Chilima, pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Thupi lidabwera ku Balaka, komwe anthu a zipani zonse adakhala pansi pa matenti amodzi, nkukawaika kwawo ku Sosola.